Mkono Umene Ukanatsala

Mnyamata wa m'nkhani ino sindimutchula dzina chifukwa si munthu mmodzi. Ndamuumba kuchokera ku njira imene achinyamata ambiri odwala khansa ya m'mafupa amadutsa kwathu kuno asanafike kwa dokotala woyenera. Tinene kuti ali ndi zaka 16, ali Fomu 3, ndipo ndiye amagwira pagolo m'timu ya pasukulu pake.

Ululu unayamba paphewa lamanja. Iye anati wabinya podumphira mpira, mayi ake n'kuvomereza, pakuti ana a mpira sakhalitsa osadandaula penapake. Anamugulira panado pagolosale. Koma kubinya kumapola munthu akapumitsa chiwalocho, pamene ululu uwu unkachita zina: masana unkamulekako, usiku n'kumudzutsa, wakuya, wochokera m'kati mwenimweni mwa fupa. Pofika mwezi wachiwiri, malaya a yunifolomu anayamba kumuthina mbali imodzi.

Agogo ake anathowa phewalo ndi madzi otentha. Kenaka anamutengera kwa bambo wina wodziwa kuwongola mafupa, amene anati magazi agwirana ndipo ayenera kumwazika. Anasisita mwamphamvu mpaka mnyamata wamkulu chonchi kulira ngati khanda. Atalephera iyeyo, sing'anga anatema mphini kuzungulira chotupacho n'kupakamo mankhwala akuda.

Kusisita timakuona ngati chinthu chosalakwa, choti chikapanda kuthandiza sichiwononganso kanthu. Madokotala a pachipatala cha Taipei Veterans General ku Taiwan, dziko limene anthu amadalira kwambiri osisita ndi owongola mafupa, anaunika odwala 134 a khansa yomweyi n'kufalitsa zimene anapeza mu 2010. Mwa amene anayamba asisitidwa, opitirira theka khansa inawafika m'mapapo, pamene mwa osasisitidwa inafika kwa anthu osakwana mmodzi mwa asanu. Patatha zaka zisanu, amoyo anali 58 pa 100 alionse mwa osisitidwa ndi 92 pa 100 mwa enawo. Ofufuzawo anakayikira kufinya kwenikweniko, kuti kumakankhira maselo a khansa m'mitsempha ya magazi.

Chimene chinali m'phewa la mnyamatayu madokotala amachitcha osteosarcoma. Ndi khansa yoyambira m'fupa, ndipo imakonda nsonga za mafupa aatali, pamene mwana amakulira. Malo ake oyamba ndi pamwamba pa bondo, achiwiri kunsi kwa bondo, achitatu ndi pamutu pa fupa la mkono, pomwe mkono umalumikizana ndi phewa. N'chifukwa chake imagwira kwambiri anyamata ndi atsikana amene akusinkhuka msanga. Mpira suyambitsa khansa imeneyi. Kugwa kumangochititsa munthu kuzindikira malo amene anali atadwala kale. Paphewa pamameranso zotupa zina za m'fupa: Ewing sarcoma, nayonso ya ana ndi achinyamata, chondrosarcoma, ya akuluakulu, imene imapezeka ngakhale m'fupa lathyathyathya lija la kuseri kwa phewa, ndi giant cell tumour, imene kawirikawiri sifalikira koma imadya fupa. Zonsezi X-ray wamba amatha kuzisonyeza. Mnyamatayu anatha miyezi inayi asanajambulidwe.

Tsiku limene mkono wake unayamba kutayika, palibe amene anazindikira. Chotupa chinali chitakula kuposa nkhonya, chotentha, khungu lake likuwala. Anapita naye pachipatala china chaching'ono, ndipo wachipatala amene anamuona anali ataona zithupsa mazanamazana pa ntchito yake, makamaka pa anthu otemedwa mphini. Makina a X-ray panalibe. Anati ndi mafinya, titumbule. Anabaya jakisoni wadzanzi, n'kucheka chopingasa kutsogolo kwa phewa, kulowera cha kukhwapa, kuti chipsera chidzabisike. Mafinya sanatuluke. Anatuluka magazi ambiri ndi nyama yofewa yosakanikirana ndi timafupa. Anakokolola zimene akanatha, n'kusoka. Nyama ija inatayidwa pamodzi ndi thonje, osatumizidwa ku labotale. Mayi anathokoza, poona kuti chotupa chaphwa.

Sindikufuna kuti wachipatalayu aoneke munthu woipa. Zotupa zambiri zimene amatumbula zimakhaladi zithupsa, ndipo anthu amachira. Khansa ya m'fupa ndi yosowa, moti munthu angagwire ntchito zaka zambiri osakumana nayo. Cholakwa chake chinali chimodzi, koma chachikulu: anacheka chinthu chimene sanachidziwe.

Patapita masabata asanu chotupa chinabwerera, chachikulu kuposa kale, ndipo mkono wonse unayamba kutupa mpaka kuzala. Apa ndi pamene anatumizidwa ku chipatala chachikulu. Dokotala wa mafupa asanayang'ane n'chithunzi chomwe, anayamba wayang'anitsitsa chipseracho nthawi yaitali.

"Mayi, pamenepa anacheka ndani?"

"Kuchipatala kwathu, adokotala. Anati ndi chithupsa."

"Nanga zimene anachotsazo anakazipima?"

"Sanatiuze kanthu. Anangoti tizibwera kudzatsuka bala."

Mayiyo anadabwa kuti dokotala akulimbana ndi chipsera chopola kale m'malo mwa chotupa. Chifukwa chake n'chakuti khansa ya m'fupa imachotsedwa ngati dzira losukusa limene lili pakati pa mazira abwino: umalinyamula lathunthu, osaliswa, chifukwa likangosweka chilichonse chimene lakhudza chawonongeka. Dokotala wa opaleshoni yopulumutsa mkono saiona n'komwe khansayo ndi maso. Amadula kutali nayo, m'nyama yabwino, n'kuichotsa itakutidwa mbali zonse ndi minofu yosadwala. Mfundo imeneyi anaiyala bwino William Enneking wa ku Florida mu 1980, ndipo madokotala a dziko lonse amaitsatabe. Mpeni ukalowa m'chotupa, magazi amene amatuluka amanyamula maselo a khansa n'kuwafikitsa paliponse pamene magaziwo ayenderera. Malo onsewo ayenera kudzachotsedwa limodzi ndi chotupa.

Tsono phewa ndi malo opanikizika. Pansi pake, m'khwapa, mumadutsa mtsempha waukulu wa magazi ndi mtolo wa mitsempha imene imalamula chigongono, dzanja ndi zala. Ikakhala yoyera, mkono ungatsale. Ikakhudzidwa ndi khansa, palibe choteteza. N'chifukwa chake kutenga kanyama kokapima, kumene madokotala amati biopsy, kuli ndi malamulo okhwima pamalo amenewa. Amalowera kutsogolo kwa mnofu waukulu umene umaphimba phewa, kudzera m'kati mwa mnofuwo, kawirikawiri ndi singano chabe, ndipo akacheka amacheka motsata utali wa mkono, pamzere womwewo umene opaleshoni yaikulu idzadutse, kuti kanjira konseko kadzachotsedwe. Amapewa kamgula kamene kali pakati pa mnofu wa phewa ndi wa chifuwa, ngakhale ndiyo njira yosavuta, chifukwa magazi ochokera pamenepo amatsikira molunjika ku mitsempha ya m'khwapa. Chipsera cha mnyamatayu chinadutsa pomwepo, chopingasa.

Wina angaganize kuti izi ndi za kuno kokha, kosowa zipangizo. Ayi. Henry Mankin wa ku Massachusetts General Hospital ku Boston, pamodzi ndi anzake, anafalitsa mu 1982 kafukufuku wa odwala 329 a ku America. Pafupifupi 18 pa 100 alionse anauzidwa matenda olakwika poyamba, ndipo 4.5 pa 100 anadulidwa chiwalo chimene chikanatsala, chifukwa cha mmene kanyama kokapima kanatengedwera. Zolakwikazo zinkachuluka kangapo pamene kanyamako katengedwa pachipatala chotumiza wodwala, osati pamene akachitidwe opaleshoni. Mu 1996 anabwereza kafukufukuyo pa odwala 597, akuyembekeza kuti anthu aphunzira. Ziwerengero zinali pafupifupi zomwezo, ndipo anthu 18 anadulidwa popanda chifukwa. Ngati zinkatero ku America, wowerenga aganize yekha za kachipinda kopanda X-ray.

Choncho fupa likamapweteka usiku kwa masabata angapo, kapena pakakhala chotupa chakuya, cholimba, chomakula, makamaka chikapitirira masentimita 5, chijambulidwe chisanakhudzidwe ndi lezala, singano kapena mpeni. Wachibale ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, kodi mwajambula? Nanga chimene muchotsecho mukachipima kuti? Ndipo amene akutenga kanyama kokapima akhale yemweyo amene adzachite opaleshoni yaikulu, kapena akhale atalankhulana naye.

Mnyamatayu akanafika phewa lisanachekedwe, nkhani ikanakhala yotani? Maganizo opulumutsa mkono si atsopano. Madokotala a ku Russia anayamba kuyesa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo mu 1928 Boris Linberg anafotokoza opaleshoni imene lero imatchedwa Tikhoff-Linberg: amachotsa fupa la kuseri kwa phewa, mutu wa fupa la mkono ndi mbali ya fupa lopingasa pansi pa khosi, n'kusiya mkono uli ndi mitsempha yake. Koma kwa zaka zambiri luso limeneli silinathandize kwenikweni odwala osteosarcoma. Kaya adulidwe kaya asadulidwe, oposa 80 pa 100 alionse ankamwalira, chifukwa khansayo imakhala itatumiza kale timbewu tosaoneka m'mapapo. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1970, mankhwala a methotrexate, doxorubicin ndi cisplatin atayamba kugwiritsidwa ntchito. Ku Memorial Sloan Kettering ku New York, Gerald Rosen anayamba kupereka mankhwalawo opaleshoni isanachitike, mwa zina chifukwa chitsulo cholowa m'malo mwa fupa chinkatenga masabata ambiri kuti achisule ndipo wodwala sakanangokhala akudikira. Kachitidweko kanakhazikika. Lero wodwala amalandira mankhwala pafupifupi masabata khumi, n'kuchitidwa opaleshoni, n'kupitiriza mankhwala miyezi ina. M'zipatala za akatswiri, odwala 60 mpaka 70 pa 100 alionse amene khansa yawo sinafalikire amakhala ndi moyo, ndipo pafupifupi asanu ndi anayi mwa khumi chiwalo chawo chimatsala.

Fupa likachotsedwa pamatsala mpata, ndipo njira zodzazira mpatawo ndi zambiri. Ena amaika chitsulo chokhala ndi mutu wozungulira. Ena amaika fupa la munthu womwalira losungidwa mozizira. Ena amatenga fupa laling'ono la kunja kwa msongolo wa wodwala yemweyo, pamodzi ndi mitsempha yake ya magazi, n'kulilumikiza paphewa, pakuti munthu amayenda bwinobwino popanda fupa limenelo. Kwa ana aang'ono, Winfried Winkelmann wa ku Germany anasonyeza mu 1992 kuti fupa lopingasa pansi pa khosi lija lingatembenuzidwe n'kutsikira pansi kukhala fupa la mkono. Ku Kanazawa ku Japan amatulutsa fupa lodwala, n'kuliviika mu nayitirojeni wamadzi wozizira koopsa kuti khansa ife, n'kulibwezera pamalo pake. Imene imandigwira mtima ine ndi ya ku Tata Memorial ku Mumbai, kumene odwala ambiri ndi osauka ngati athu: msomali wautali wachitsulo wokutidwa ndi simenti ya mafupa, zinthu zimene zipatala zambiri zochita opaleshoni ya mafupa zimakhala nazo. Phewa lotero silinyamula mkono kupita nawo m'mwamba, koma limaugwira kuti usalendewere.

Pamenepa ndi pamene anthu amayembekeza zoposa. Mkono wopulumutsidwa si mkono wakale uja. Kuti khansa ichoke yathunthu, kawirikawiri pamachokanso mnofu wophimba phewa ndi mtsempha umene umaulamula, choncho munthuyo sathanso kukweza mkono kufika pamutu. Phewa limaoneka lophwa. Chimene chimatsala ndi chigongono ndi dzanja: amalemba, amadya nsima, amamanga mabatani, amagwira foni, amasoka. Pagolo sangabwererenso. Koma mkono wopanga, ngakhale wodula chotani, sufika pa dzanja lamoyo limene limamva kutentha ndi kuzizira.

Amene anaiwala malire amenewa ndi Dave Dravecky, yemwe anali woponya mpira wa baseball m'timu ya San Francisco Giants. Chotupa chake chinali cha mumnofu wa phewa lamanzere, dzanja lomwe ankaponyera, chomatirira ku fupa. Mu Okutobala 1988 anamuchotsa theka la mnofuwo, n'kuziziritsa fupa kuti maselo otsala afe. Madokotala sankayembekeza kuti angaponyenso. Iye anabwerera pa 10 Ogasiti 1989 n'kugonjetsa Cincinnati Reds, bwalo lonse likumuombera m'manja. Patangotha masiku asanu, ku Montreal, fupa lofooka lija linathyoka ali mkati moponya. Chotupa chinabwerera, bala linalowa matenda, ndipo mu Juni 1991 anamudula mkono pamodzi ndi phewa. Anapulumuka, ndipo wakhala zaka zambiri akulimbikitsa odwala khansa.

Tibwerere kwa mnyamata wathu. Anamujambula MRI, anatenga kanyama moyenera, ndipo zotsatira zinatsimikiza kuti ndi osteosarcoma. Chithunzi chinasonyeza kuti khansa yatsata njira ya magazi aja n'kuzungulira mitsempha ya m'khwapa. M'mapapo munali moyera. Dokotala anaitanitsa achibale, ndipo anabwera amalume ake, eni mbumba.

"Bambo, moyo wa mnyamatayu tingaumenyere. Mkono ndiye ayi. Tiyamba ndi mankhwala, kenaka tidzachotsa mkono pamodzi ndi phewa."

"Adokotala, tamva kuti kunja saduladula anthu. Amaika chitsulo."

"N'zoona, amaika. Koma chitsulo chimalowa m'malo mwa fupa, sichilowa m'malo mwa mitsempha. Ngakhale mutapita naye ku India lero, akakuuzani zomwezi."

"Ndiye mwana wa mlongo wanga azikayenda m'mudzi ndi mkono umodzi? Tikaganize kaye kunyumba."

Amalumewo sanali munthu wouma mtima. Kunena zoona, ngakhale wofika msanga kwathu kuno sikuti nthawi zonse mkono wake umapulumuka. Madokotala odziwa opaleshoni imeneyi ndi ochepa, zitsulo zake n'zodula, zotsatira za ku labotale zimachedwa, ndipo odwala ambiri amafika chotupa chitaphulika kale. Zotsatira zake, anthu m'midzi amangodziwa chimodzi, choti ku chipatala chachikulu amadula, ndiye amachedwa dala kupitako, ndipo akachedwa amakadulidwadi. Komabe pali chinthu chimene amalumewo anafunika kumva bwino. Kafukufuku woyerekeza odulidwa ndi opulumutsidwa chiwalo anasonyeza kuti moyo umatalika mofanana, pokhapokha khansa itachotsedwa yathunthu. Dokotala amene angavomere kusiya mkono pamene khansa yakulunga mitsempha, pofuna kusangalatsa achibale, amasiya khansa m'thupi. Imabwerera pomwepo, ndipo ikabwerera mwayi wokhala ndi moyo umatsika kwambiri.

Mnyamatayo analandira mankhwala kawiri. Anasanza, tsitsi linathothoka, koma ululu unachepa ndipo chotupa chinafotako. Achibale anati ndiye kuchira kumeneku. Tsiku la mankhwala achitatu sanabwere. Anapita naye kumapemphero a kuphiri, kenaka kwa sing'anga wina wa kutali amene ankati amasungunula zotupa. Kufota kwa chotupa chifukwa cha mankhwala sikutanthauza kuti khansa yatha. Osteosarcoma sichira ndi mankhwala okha, ndipo kuwotcha ndi makina sikuigwira bwino ngati mmene kumagwirira Ewing sarcoma. Mpeni ndi mankhwala zimayenda limodzi.

Patatha miyezi iwiri, akutembenuka pamphasa usiku, fupa linathyoka lokha. Anabwerera naye ku chipatala chotupa chitaboola chipsera chija, chikutuluka magazi ndi fungo. Ulendo uno amalume anasaina osafunsa kanthu. Opaleshoni inachotsa mkono, fupa la kuseri kwa phewa ndi mbali yaikulu ya fupa lopingasa pansi pa khosi. Chithunzi chatsopano cha pachifuwa chinasonyeza timadontho tiwiri m'phapo lamanzere, timene miyezi iwiri yapitayo panalibe.

Timadontho totere si chiweruzo cha imfa nthawi zonse. Tikakhala tochepa ndipo mankhwala akatigwira, madokotala a pachifuwa amatha kutichotsa, ndipo ena amachira. Koma mwayi umakhala utatsika kufika pafupifupi mmodzi mwa anayi kapena atatu, kuchoka pa awiri mwa atatu pamene unali m'mapapo muli moyera.

Anayambiranso mankhwala. Usiku ankadzuka akulira kuti zala zakumanja zikumupweteka, zala zimene kunalibe, ndipo mayi ake anachita mantha kuganiza kuti ndi zamatsenga, mpaka namwino anawafotokozera kuti ubongo umakumbukirabe chiwalo chimene chachoka ndi kuti alipo mankhwala ochepetsa ululu umenewo. Wa mafizo anamuphunzitsa kuimirira mowongoka, chifukwa thupi limapendekera mbali yotsala, ndiponso kuvala malaya ndi dzanja limodzi. Kulemba ndi dzanja lamanzere anaphunzira ali pabedi, m'kope limene mnzake wa m'kalasi anamubweretsera. Sukulu anabwereza chaka.

Madokotala anamuuza kuti azibwera kudzajambulitsa pachifuwa miyezi itatu iliyonse kwa zaka ziwiri zoyamba, chifukwa ndi nthawi imene khansa imeneyi imabwerera kwambiri, kenaka motalikitsa mpaka zaka zisanu ndi kupitirira. Azipimidwanso mtima chifukwa cha doxorubicin, ndi makutu ndi impso chifukwa cha cisplatin. Ndalama ya minibasi ya maulendo amenewa amalume ake anaipeza pogulitsa mbuzi, ndipo za timadontho tija adokotala anati adzagamula akadzaona chithunzi chotsatira.